Mmene Ndinavutikira Kuumitsa Dzimbiri la Khofi

Mu 1869 mkulu woyang'anira munda wa zomera wa Peradeniya pa chilumba cha Ceylon, chomwe lero timati Sri Lanka, a George Thwaites, anatumiza ku England masamba ouma a khofi omwe kunsi kwake kunali kaufa kachilendo. Anawalandira ndi m'busa wa mpingo wa Anglican wodziwa za mafangasi, a Miles Joseph Berkeley, ndipo iwo ndi mnzawo Christopher Broome atawaunika pa maikulosikopu anapeza kuti ndi fangasi yemwe anali asanalembedwepo m'buku lililonse. Anamutcha Hemileia vastatrix, ndipo ndi fangasi woyambitsa dzimbiri la khofi. Pofika m'ma 1890 minda ya khofi ya ku Ceylon inali itatsala pang'ono kutheratu ndi matendawa, eni ake atazula mitengo n'kudzala tiyi. Zomwe a Berkeley anasonkhanitsa pa moyo wawo zinapita ku munda wa zomera wa Kew, ku London, komwe zikusungidwabe.

Nkhani imeneyi ndi yomwe inandilowetsa m'mavuto, chifukwa nditaiwerenga pa foni ndinangotolapo chinthu chimodzi: ngati munthu wa mu 1869, wopanda firiji, wopanda YouTube, anatha kuumitsa tsamba lodwala n'kulikweza sitima ya pamadzi mpaka kukafika bwinobwino, ine mphunzitsi wa Agriculture wa diploma yanga ndingalephere bwanji? Ndimaphunzitsa pa sekondale ina yoyendera ku Thyolo kuno, ndipo chaka ndi chaka tikafika pa mutu wa matenda a mbewu ndimaimirira kutsogolo ndi chithunzi cha fotokope chakuda bii, n'kumauza ana kuti madontho akudawo m'moyo weniweni ndi achikasu. Zinkandiwawa. Ndinkafuna ana agwire tsamba lenileni, aone dzimbiri ndi maso awo ngakhale mu Okutobala pamene m'munda mulibe. Ndipo mumtima ndinali nditagamula kale kuti ntchitoyi ndi mfutso basi: amayi anga akhala akufutsa nkhwani ndi khwanya moyo wawo wonse osalowapo m'kalasi ya sayansi, ndiye tsamba la khofi lingandikanike ine? Sindinafunse munthu. Sindinawerenge n'komwe kupitirira pomwe nkhani ya Ceylon inathera.

A malume anga anagwirapo ntchito ku esiteti, ndipo kuseri kwa nyumba yawo kuli mitengo yakale ya khofi yomwe amaikonda kwambiri. Mvula ikamapita kumapeto, cha mu Epulo, mitengoyo imakhala itagwidwa ndi dzimbiri. Mukayang'ana tsamba pamwamba mumangoona timadontho totumbuluka, tachikasu pang'ono, koma mukalitembenuza mumapeza zigamba za ufa wofiirira chakuchikasu womwe umakakamira ku chala mukangokhudza, ndipo pakati pa zigamba zakale pamakhala patayamba kuuma n'kuda. Ndinafika m'mamawa mame asanaume, ndinasankha masamba odwalitsitsa poganiza kuti ndiwo aziphunzitsa bwino, ndinawanyinyira m'jumbo ali chinyowere, ndinamanga fundo yolimba kuti ufa usatayike, ndinaponya m'chikwama, ndinakwera minibasi yodzaza dzuwa lili pamutu, ndipo nditafika kunyumba ndinapeza mulu wa mapepala a mayeso ukundidikira, moti chikwamacho ndinachikumbukira weekend itadutsa. Pomasula jumbo ija fungo ndi lomwe linayamba kutuluka. Masamba anali atada, atamatana, atamera nkhungu yotuwa, ndipo dzimbiri lomwe ndinalitsatira ulendo wonse uja silinkaonekanso. Tsamba lothyoledwa limapitiriza kupuma ndi kutulutsa madzi, pulasitiki imasunga chinyezi chonsecho, ndipo nkhungu zina zofulumira kumera zimakwirira fangasi yemwe ukumufunayo. Zimenezi ndimaphunzitsa ndekha pa mutu wa kasungidwe ka zokolola. Sindinazikumbukire pa tsiku lomwe zinali zofunika kwa ine.

Ndinabwereranso kwa a malume. Anandiyang'ana n'kufunsa kuti, "Aphunzitsi, masamba aja mwatha nawo kale?" Ndinayankha kuti ndikufuna ena owonjezera, zomwe zinali zoona koma osati zonse. Ulendo uwu ndinati ndichita mwaukadaulo: ndinang'amba magazini onyezimira aja, ndinaika tsamba lililonse pakati pa mapeji ake, ndinalowetsa mu dikishonale yanga yaikulu ya ku koleji, ndinasanjikapo njerwa, n'kusiya pakona osakhudza, chifukwa ndinkakhulupirira kuti chinsinsi chake ndi kulemera ndi kudekha. Ndiye kunagwa chiperoni. Amene anakhalapo ku Thyolo kapena ku Mulanje akudziwa mmene kamvula kameneka kamalowera m'nyumba, zovala pa chingwe osauma, machesi osayaka, khoma likuchita thukuta. Pepala lonyezimira silimwa madzi, ine sindinasinthe pepala ngakhale kamodzi, ndipo nditachotsa njerwa ndinapeza masamba atakakamira ku zithunzi, inki itawalowa, chinyezi chitadutsa mpaka m'dikishonale momwe, yomwe mpaka pano ili ndi mapeji ofufuma okhala ndi mabanga a bulauni ooneka mawonekedwe a tsamba. Bukuli anandigulira ndi malemu bambo anga. Ndinakhala pansi nalo nthawi yaitali.

Apa munthu wanzeru akanaima n'kufunsa. Ine ndinangoti vuto ndi kuchedwa kuuma, choncho mankhwala ake ndi moto. Dzuwa litawala ndinayanika masamba ena pa lichero pamwamba pa denga la malata, ndipo pofika madzulo anali atapindikapindika, ongoti ukagwira n'kufumbutuka, ufa wonse mphepo itauuluza. Otsala ndinawaika pakati pa mapepala n'kuwasita ndi simbi ya makala, ndikudziuza kuti ndapeza short cut yomwe akatswiri sanaiganize, koma masamba anapsa n'kusanduka a bulauni, ufa unasungunukira pa pepala ndi pansi pa simbi, ndipo ine osapukuta simbiyo ndinaibwezera pamalo pake, moti m'mawa mwake mayi a kunyumba atayamba kusita bulauzi yawo yoyera ya ku Mvano panatuluka mzere wachikasu kuyambira paphewa mpaka pachifuwa. Sanakalipe. Anangoitukula n'kundionetsa, n'kunena kuti, "Bambo, kodi ntchito yanuyi palibe amene amaidziwa woti mungamufunse?" Tsiku limenelo anapita ku msonkhano ndi bulauzi yobwereka, ndipo manyazi ake sanandichokebe.

Ndinafunsa intaneti, osati munthu, chifukwa intaneti sikuona nkhope. Ndinaphunzirako zoti pamafunika nyuzipepala zakale, makatoni pakati pake kuti mpweya uzidutsa, matabwa awiri, ndi kusintha nyuzi tsiku lililonse kufikira tsamba litauma gwa. Ndinamanga ndi mphira za chubu cha njinga, ndinaika pafupi ndi mbaula koma osati pamoto, ndipo kwa nthawi yoyamba ndinatulutsa masamba osalala, obiriwira, okongola. Chimwemwe chinandipitirira. Ndinagula mapepala a manila ndi guluu, ndinapaka tsamba lililonse guluu wokwanira n'kulimata mbali yonyezimira ili kumwamba chifukwa ndiyo imaoneka bwino, ena ndinakawachititsa laminate pa shopu ina kuti akhale mpaka kalekale, ndinalemba mutu ndi maka yofiira, ndinavala tayi, ndinalowa mu Fomu 3 ndi file yanga kukhwapa n'kuuza ana kuti lero aona zomwe sanaonepo. File inazungulira mabenchi mwakachetechete, kenako mtsikana wina wakhama wokhala kutsogolo anakweza dzanja n'kufunsa mwaulemu kuti, "Aphunzitsi, ufa uja munkanena uja uli pati?"

Unali pansi, m'guluu. Fangasi ameneyu amalowa m'tsamba kudzera m'timabowo topumira, ndipo pa khofi timabowoti tili kunsi kwa tsamba. Kambewu kake kakagwera pamenepo pali dontho la madzi kamamera, kamalowa, kamadya mkati mwakachetechete kwa milungu ingapo, kenako timbewu tatsopano timatulukira m'timabowo tomwe tija, kunsi komweko. Ndinali nditakwirira chinthu chokhacho chomwe ndinkafuna kuonetsa. A laminate aja kunsi kwake kunkaoneka, koma makina otentha anali ataphwanya zonse n'kusiya banga lamafuta. Ndinayesa kumatula tsamba limodzi pamaso pa ana, linang'ambika, theka linatsalira pa manila, ndipo ndinamva makutu anga akutentha pamene ana makumi angapo ankayesetsa kundisungira ulemu poyang'ana m'makope awo. Ndinawauza zoona, kuti ndalakwitsa ndipo ndikaphunzira kaye. Period yotsalayo tinajambula pa bolodi.

Mayi a kunyumba ndi amene anandipezera munthu, bambo wina wachikulire wa kumpingo kwathu yemwe pa unyamata wake anagwirapo ntchito mu herbarium, malo osungiramo zomera zouma. Ndinapita ndi file ija ndi masamba ena omwe ndinali ndisanawamate. Anavala magalasi, anatulutsa hand lens yakale m'kathumba, n'kuyamba kusanja masamba m'milu iwiri osalankhula. Atamaliza analoza mulu waukulu n'kuti, "Aphunzitsi, awa si dzimbiri." Anali matenda ena, a Cercospora coffeicola, omwe amapanga banga lozungulira la bulauni lokhala ndi pakati potuwa ndi mkombero wachikasu, lopanda ufa. Ine ndinkangothyola chilichonse chokhala ndi banga, ndipo ndikanaphunzitsa ana bodza ndi chidaliro chonse. Kenako anandifunsa ngati sindinaoneko zigamba za dzimbiri zokutidwa ndi ubweya woyera. Ndinayankha monyadira kuti zimenezo ndinkataya chifukwa zinali zitachita nkhungu. Anapukusa mutu pang'onopang'ono. Ubweya woyerawo ndi fangasi wina, Lecanicillium lecanii, yemwe amadya dzimbirilo, ndipo akatswiri amamufufuza ngati njira yochepetsera matendawa popanda mankhwala. Masamba omwe anali ndi nkhani ziwiri pa tsamba limodzi ndi omwe ndinkaponya kudzala.

Funso lomwe linandimaliza linali losavuta. Ananyamula tsamba limodzi labwino n'kufunsa kuti ndinalithyola liti, pamalo pati, pa mtengo wa mtundu wanji, wa pamthunzi kapena wa padzuwa, wopoperedwa kapena ayi. Ndinatsegula pakamwa osatuluka kanthu. Masamba a maulendo osiyanasiyana ndinali nditawasakaniza, ena a kwa a malume, ena a m'mbali mwa msewu, popanda kakalata kalikonse. Anandiuza mofatsa kuti tsamba lopanda lebulo silingachitire umboni chilichonse, ndipo kuti masamba a matenda sawamata n'komwe: amawaika m'kaphukusi ka pepala kopinda, kuti wofufuza athe kutsegula, kutembenuza tsamba, kupalako ufa pang'ono n'kutsekanso. Anandiphunzitsa kapindidwe kake ndi pepala la m'kope, zala zake zokalamba zikuyenda mofulumira kuposa zanga. Nditadandaula kuti ngakhale masamba anga abwino ayamba kutumbuluka, anati mtundu wa dzimbiri umafwifwa nthawi zonse likauma, n'chifukwa chake umalembedwa pa lebulo tsamba likadali laliwisi.

Tsiku lina anabwera kusukulu ndipo tinatulutsa maikulosikopu yathu imodzi ija ya kagalasi kolandira kuwala kwa pawindo. Anapala kaufa ndi nsonga ya singano, anaika m'dontho la madzi, ndipo nditasuzumira ndinaona timbewu tambirimbiri topindika, mbali ya kunja yodzaza timinga, mbali ya mkati yosalala see, kalikonse kotalika pafupifupi ma micrometre 30. Izi n'zomwe a Berkeley anaona mu 1869, ndipo zinali patsogolo panga kuchokera kuseri kwa nyumba ya a malume. Ndinaitana ana mmodzimmodzi, ndipo mtsikana uja anakhalitsa pamenepo kuposa onse.

Apa m'pomwe ndinamvetsa chifukwa chake anthu amawononga moyo wawo wonse akusunga masamba odwala. Mafangasi a dzimbiri alipo mitundu yoposa 7,000, ndipo amadya chomera chamoyo chokha. Dzimbiri la khofi simungalilime m'mbale ya mu labu monga achitira ndi nkhungu zina. Wofuna kudziwa kuti linali kuti, liti, pa mbewu yanji, amadalira tsamba louma ndi lebulo yake. Ku Purdue University ku America kuli Arthur Fungarium, yomwe anaiyambitsa Joseph Charles Arthur mu 1887, ndipo ndi imodzi mwa nkhokwe zazikulu kwambiri za dzimbiri la zomera pa dziko lonse. Masamba oterewa akhoza kuyankha mafunso omwe owathyola sanawalote: mu 2013 akatswiri anawerenga DNA ya Phytophthora infestans, kachilombo ka matenda a mbatatesi omwe anadzetsa njala ku Ireland m'ma 1840, kuchokera m'masamba ouma a m'ma herbarium. Simbi yanga ija ikanaphika umboni wotere. Ndipo dzimbiri la khofi silinaime. Linafika ku Brazil mu 1970, linasakaza minda ya ku Central America kuyambira mu 2012 n'kusiya mabanja ambiri opanda ntchito, ndipo limasintha: malo ofufuzira za matendawa a ku Oeiras ku Portugal, omwe anatsegulidwa mu 1955, apeza mitundu yake yambiri, ina yotha kugonjetsa khofi yemwe kale ankapirira. Khofi wa Catimor yemwe alimi ambiri a kumpoto kwa dziko lino amadzala anatengera kupirira kwake kwa khofi wina wopezeka pa chilumba cha Timor. Khofi anafika ku Blantyre Mission mu 1878, ndipo kuyambira pamenepo wakhala mbewu yathu. Tsiku lomwe Catimor wa ku Misuku kapena ku Phoka adzayambe kugwidwa kwambiri, wina adzafuna kudziwa kuti dzimbiri la kuno linali lotani zimenezo zisanachitike.

Mungaganize kuti apa ndinali nditachira. Ndinapinda maphukusi anga, ndinalemba malebulo ndi pensulo, ndinaika m'katoni ya nsapato pamwamba pa wadiropu n'kupita ku holide, ndipo pobwerera ndinapeza timabowo tozungulira m'mapepala, fumbi pansi pa katoni, tizilombo tating'ono ta bulauni tikuyenda, titayamba kudya pa zigamba zenizeni za dzimbiri. Bambo aja anali atandiuza kuti ma herbarium amapha tizilombo poika zinthu mu freezer yozizira pafupifupi madigiri 20 kunsi kwa ziro kwa masiku angapo, koma ine ndinamva theka, ndinanyamula maphukusi otsala osawakulunga, ndinakapempha malo mu freezer ya mnzanga wogulitsa nsomba, ndinawaika pamwamba pa makatoni ake, ndipo powatulutsa ndinawatsegula nthawi yomweyo ndi chidwi, mpweya wofunda unawagwera, ananyowa ndi thukuta la kuzizira ndipo ankanunkha nsomba. Tsamba likauma kale, pamenepo m'pomwe pulasitiki yotseka bwino imafunika, ndipo sutsegula mpaka litafunda lokha. Ndinayambanso ndi nyuzi.

Koma chomwe chimandilemera kwambiri sichinachitikire m'katoni. A malume anali ndi nazale yaing'ono kumunsi kwa dimba, mbande zomwe anafesa okha kuchokera ku mitengo yawo yakale, akuyembekeza kudzala mzere watsopano. Pa umodzi wa maulendo anga, nditatha m'mawa wonse ndikukwawa pansi pa mitengo yodwala, juzi langa la ubweya litachita chikasu m'mikono, anandiitana kuti ndidzaone mbande zawo, ndipo ine, mphunzitsi wa Agriculture yemwe ndimalemba pa bolodi kuti matenda amayenda pa zovala ndi pa zida, ndinapita momwemo osasamba m'manja, ndinagwada, ndinatembenuza timasamba tanthete tonyowa ndi madzi othirira kamodzikamodzi kuti ndiwatsimikizire kuti tili bwino. Patapita milungu ingapo madontho anayamba, ndendende m'mzere womwe ndinagwadamo. Timbewu ta dzimbiri timauluka ndi mphepo komanso kudumpha ndi madontho a mvula, ndipo a malume anandiuza zomwezo pofuna kundipepuza: "Aphunzitsi, musadzipweteke mtima, mphepo ilibe mpanda." Ine ndikudziwa pomwe manja anga anadutsa. Ndinagula mankhwala a kopa ndi ndalama zanga, tinathyola masamba ogwidwa n'kuwakwirira, ndinapopera ndekha ndikuloza kunsi kwa masamba, poti kopa amateteza tsamba lomwe silinalowedwe ndipo sachiza lomwe lalowedwa kale. Mbande zina zinayoyoka masamba n'kufa. Zambiri zinapulumuka ndipo zinadzalidwa, koma mzerewo ndi waufupi kuposa mmene a malume ankafunira.

Pano ndili ndi maphukusi ochepa abwino, osungidwa m'chitini chotseka, lililonse ndi lebulo yonena tsiku, mudzi, mtundu wa khofi, mtundu wa ufa tsamba lili laliwisi, ndi dzina la wothyola. Ena mwa mayinawo ndi a ana a Fomu 3, omwe amapinda maphukusi mwaudongo kuposa ine, ndipo tayamba kuwonjezera dzimbiri la nyemba, la mtedza ndi la soya. Nazale timayamba kuiona tisanalowe m'munda wodwala, ndipo tikatuluka timasamba m'manja.

Aphunzitsi anzanga ndi alangizi a ku Misuku, Phoka, Ntchisi, Mulanje ndi kwina konse komwe kuli khofi, mvula ikamatha chaka chino tembenuzani masamba muone. Mukapeza ufa uja, thyolani mame atauma, sankhani tsamba lomwe zigamba zake zikadali zatsopano, liikeni mu nyuzi pomwepo m'munda, ndipo lembani lebulo musanachoke pansi pa mtengowo. Ku Zomba kuli National Herbarium and Botanic Gardens of Malawi. Afunseni mmene amafunira kuti zinthu zotere zikonzedwe musanathyole tsamba loyamba.